Mwa onse amene anatengedwa pa nambala 1 mu AFL, wamkulu ndani?

Phiri wa Hawks:
Abale, nkhani tinaisiyira panjira ija ndaibweretsa pano kuti aliyense aponyepo lake. Mwa anyamata onse amene anatengedwa pa nambala 1 mu draft ya AFL, ligi yaikulu ya mpira wa Australian rules ku Australia, kuyambira 1986, ndani anasewera mpira woposa anzake? Ine yankho ndili nalo kale: Luke Hodge. Magemu 346, zikho 4 ndi Hawthorn, cha 2008 kenako 2013, 2014 ndi 2015, zitatu zotsatizanazo ali kaputeni. Mendulo ya Norm Smith, ya wosewera wopambana pa Grand Final, kawiri, 2008 ndi 2014. Amene ali ndi dzina lina abwere nalo, koma abwere ndi zikho, osati nthano.

Nachisale:
Achimwene, mwafunsa funso, mwaliyankha nokha, kenako mwatiikiranso malamulo a kayankhidwe. Mukati tibwere ndi zikho ndiye kuti mukuyeza timu, osati munthu. Ine ndikuti Nick Riewoldt. St Kilda inamutenga mu 2000 itapambana magemu awiri okha sizoni yonse. Anasewera magemu 336, anamwetsa zigoli 718, anakhala wosewera wabwino wa kalabu ka 6, ndipo mu timu ya All-Australian, ya osewera opambana a chaka mu ligi yonse, analowa ka 5 pamene Hodge wanuyo analowa ka 3. Malo ake a centre half-forward ndi ozunza kwambiri m'bwalo lonse: uthamangire pakati kukawakha mpira, ubwererenso kugolo, munthu ali pamsana pako masana onse. Otchinga kumbuyo ankatha mpweya ndi liwiro lake lokha asanayambe n'komwe kulimbirana naye mpira m'mwamba.

Wa ku 25:
Pepani akuluakulu, ine ndili ku Lilongwe kuno, mpira wanuwu ndimangoonera tizidutswa ta pa YouTube timene ankolo amanditumizira. Draft ndiye chiyani? Nambala 1 imeneyi ndi ya pa jezi?

Madala a ku Perth:
Ayi mphwanga, si ya pa jezi. Chaka chilichonse mu November makalabu 18 amagawana anyamata amene akukwanitsa zaka 18. Amasankha mosinthana, woyamba kusankha ndi amene wathera kumchira kwa ligi, wotsiriza ndi amene watenga chikho. Kuno kulibe zotuluka mu ligi, ndiponso pali malire a ndalama zimene kalabu ingalipire osewera ake onse pamodzi. Kwathuko mwana akawala ku timu yaing'ono, Bullets, Nomads kapena Silver amabwera n'kumunyamula. Kuno n'zotembenuza. Mwana wowala kuposa onse amamupereka ku timu yovutikitsitsa, afune asafune, ngakhale ikhale ku mzinda wa maola anayi pa ndege kuchokera kwa makolo ake.

Tsono a Phiri, ine vuto langa ndi Hodge ndi lina. Mungamutche bwanji wamkulu pamene mu draft yake yomweyo sanali wopambana? Chaka cha 2001 Hodge anali 1, Luke Ball 2, Chris Judd 3. Judd anagwera kwa ife a West Coast chifukwa makalabu ankaopa mapewa ake amene anali atachitidwa kale opareshoni ali mwana. Brownlow, mendulo ya wosewera wopambana wa chaka mu ligi yonse, mu 2004 ali ndi zaka 21, Norm Smith mu 2005 timu yake itagonja kwa Sydney ndi mapointi 4, chikho mu 2006 ali kaputeni, Brownlow yachiwiri mu 2010 ali ku Carlton. Amene munamuona Judd asanayambe kuvulala, akutuluka mu chigulu cha anthu ndi mpira ngati enawo aima, simungandiuze kuti Hodge anafikapo pamenepo.

Phiri wa Hawks:
Madala, funso langa ndi la a nambala 1. Judd ndi nambala 3, akhale kaye pa benchi. Komanso Brownlow musamaitenge ngati ndi chilichonse. Amavota ndi oimbira, 3, 2, 1 pa gemu iliyonse, ndipo oimbira amaona amene ali pafupi nawo, osewera apakati. Hodge zaka zambiri ankasewera kumbuyo, kuwerenga mpira usanafike n'kumauza anzake poima. Zimenezo sizibala mavoti. Koma tsiku la Grand Final, 2008, Geelong itagonja gemu imodzi yokha chaka chonse, ndani anatseka njira? 2014 tikuswa Sydney ndi mapointi 63, ndani anakhudza mpira ka 35 n'kumpsompsona Lance Franklin, mnzake wakale amene anali atapita ku Sydney, patsaya pamwamba pake? kkkk

Nachisale:
Zoti Brownlow imakondera apakati ndikuvomera, zikuthandiza mbali yanga. Womwetsa zigoli weniweni womaliza kuitenga ndi Tony Lockett mu 1987. Koma a Phiri, auzeni anthu mmene Hawthorn inapezera nambala 1 ija. Mwaibisa.

Phiri wa Hawks:
Palibe chobisa achemwali. Tinapereka Trent Croad ndi Luke McPharlin ku Fremantle, iwo n'kutipatsa 1, 20 ndi 36. Pa 36 tinatenga Sam Mitchell. Croad yemweyo anadzabwerera n'kutenga nafe chikho cha 2008.

Nachisale:
Eya, ndi zimene ndimafuna. Hawthorn ya 2001 inafika mu preliminary final, gemu yolowera mu Grand Final. Hodge sanapite ku timu yakumchira, nambalayo inachita kugulidwa. Ndiye mukumuyerekeza ndi anthu amene anaponyedwa m'dzenje.

Phiri wa Hawks:
Dzenjelo linamupeza komweko. Mu 2004 tinapambana magemu 4 okha, mphunzitsi anachotsedwa, Alastair Clarkson anabwera kudzayambira pansi. Hodge anadya nawo masamba amenewo.

Nachisale:
Ndipo chifukwa cha kugwa kumeneko, mu draft ya 2004 munatola Jarryd Roughead pa 2, Lance Franklin pa 5 ndi Jordan Lewis pa 7. Mu 2007 Cyril Rioli pa 12. Onjezani Mitchell uja. Mutu umodzi susenza denga achimwene, Hodge anali ndi mitu yambiri pambali pake.

Tsono tayang'anani mmene zikho za Riewoldt zinathawira. Mu 2009 tinapambana magemu 19 otsatizana, tinafika mu fainolo, Geelong inatiposa ndi mapointi 12 pa tsiku lamvula, ndipo aliyense amakumbukira chala cha phazi cha Matthew Scarlett pakati pa bwalo. Mu 2010 tinalepherana ndi Collingwood 68 kwa 68. Brendon Goddard, amenenso ndi nambala 1 wa 2002, anakwera pamapewa pa anthu n'kuwakha mpira uja, anamwetsa, tinatsogola. Kumapeto Lenny Hayes anaumenya kutsogolo, mpira unadunda pamaso pa Stephen Milne n'kukhotera kwina, pointi imodzi yokha m'malo mwa chigoli cha mapointi 6. Ukanadundira m'manja mwake, bwenzi pano tikunena kuti Riewoldt ndi kaputeni amene anathetsa ludzu la kuyambira 1966. Sabata yotsatira anabwereza gemu, tinagonja ndi 56. Kodi kudunda kwa mpira wosongoka uja ndiye kutiuze kuti wosewera wabwino ndani?

Tiger wa ku Punt Road:
Mu gemu yobwerezayo musaiwale Heath Shaw akumutsomphola mpira Riewoldt pakhomo penipeni pa golo. Kaputeni wamkulu amayang'ana kumbuyo.

Nachisale:
Inu a Richmond mukhale chete pa nkhani ya draft. 2004.

Tiger wa ku Punt Road:
Mxii. Ndinadziwa kuti zifika. Inde, pa 4 tinatenga Richard Tambling, Franklin n'kupita pa 5, ndipo munthuyo anakamaliza ndi zigoli 1066. Koma nambala 1 wathu wa chaka chimenecho musamunyoze. Brett Deledio anatenga Rising Star, mphoto ya wosewera wachinyamata wopambana, mu 2005, wosewera wabwino wa kalabu kawiri, All-Australian kawiri, magemu 275. Tsoka lake ndi la nthawi basi. Anapirira nafe zaka 12, anagonja nafe mu gemu yoyamba ya ma finals zaka zitatu zotsatizana, 2013 mpaka 2015, kenako kumapeto kwa 2016 anati ndikasake chikho ku GWS (Greater Western Sydney). Chaka chotsatira ife ndi amene tinaitulutsa GWS mu preliminary final pa MCG, bwalo lalikulu la ku Melbourne, iye ali mbali inayo, pa gemu yake ya 250, ndipo sabata yotsatira tinanyamula chikho. Pa muyezo wa a Phiri, Deledio ndi wolephera. Ine sindingavomere.

Wa ku 25:
Ndiye amene amatenga a nambala 1 ambiri ndiye amadzakhala timu yoopsa eti?

Blues Mpaka Kale:
Mphwanga, funso limenelo wandilasa nalo dala? Carlton yatenga nambala 1 kasanu m'zaka izi: Marc Murphy 2005, Bryce Gibbs 2006, Matthew Kreuzer 2007, Jacob Weitering 2015, Sam Walsh 2018. Chikho chathu chomaliza ndi cha 1995. Zikanakhala kasanu n'kamodzi, koma mu 2002 anatilanda nambala 1 ndi 2 titagwidwa tikulipira osewera kuseri kupyola malire, ndiye Goddard uja anapita kwa a Nachisale.

Chimene chimandipweteka si chakuti anyamatawa anali oipa. Murphy anasewera magemu 300 ndendende, anali kaputeni, ndipo anakana kupita ku Brisbane kumene akanalowa mosavuta chifukwa cha bambo ake amene anasewera ku Fitzroy, kalabu imene inadzaphatikizana ndi Brisbane. Gibbs ankamenya mpira mwaukhondo. Kreuzer akanakhala ndi mawondo abwino bwenzi tikunena zina. Koma ukayang'ana amene anatengedwa pambuyo pawo umagwira kukamwa. 2005, Scott Pendlebury pa 5, wapitirira magemu 400. 2006, Joel Selwood pa 7, zikho 4 ndi Geelong. 2007, Trent Cotchin pa 2, kaputeni wa zikho zitatu, Patrick Dangerfield pa 10.

Madala a ku Perth:
Koma Selwood uja analowa mu Geelong ya 2007 muli kale Ablett, Bartel, Scarlett, Corey, Ling. Chaka chake choyamba anatenga chikho. Mukanamuika ku Carlton ya 2007, n'kumuika Gibbs ku Geelong, mukutsimikiza kuti mbiri ikanakhala yomweyi? Ine ndikukhulupirira Selwood akanakhalabe wamkulu chifukwa cha mtima wake, koma zikho 4 ayi.

Ndipo tikuthokozabe a Blues potipatsa Josh Kennedy pamene munkatenga Judd kumapeto kwa 2007. Zigoli zoposa 700 ndi chikho cha 2018.

Blues Mpaka Kale:
Madala, ulemu wanu ndi umene ukunditseka pakamwa.

Chiwanda cha MCG:
Mukakamba za timu kuwononga mwana, nkhaniyo ndi yathu a Melbourne. Jack Watts tinamutenga mu 2008, Nic Naitanui n'kupita ku West Coast pa 2. Mwanayo anali akadali pa sukulu ya sekondale, thupi lisanakhwime, koma akuluakulu a kalabu anamuyambitsa pa gemu ya Queen's Birthday ya 2009 ndi Collingwood, pamaso pa khamu lalikulu, ngati akuonetsa galimoto yatsopano. Mpira wake woyamba anthu atatu a Collingwood anamugwera pamodzi. Kuyambira tsiku limenelo gemu iliyonse inali mlandu. Anasinthidwa malo kangapo, aphunzitsi ankabwera n'kumapita, aliyense ndi maganizo ake. Anamaliza ndi magemu 174, ena ku Port Adelaide, ndipo anthu amamutchula ngati chitsanzo cha kulephera. Munthu wa magemu 174 akanatengedwa pa 30 bwenzi akumuyamikira.

Chaka chotsatira, 2009, tinali ndi 1 ndi 2. Magemu ena a chaka chimenecho anakayikitsa anthu mpaka AFL inafufuza, ndipo mu 2013 kalabu inalipitsidwa madola 500,000, ngakhale sanaipeze ndi mlandu wogonja dala. Tinatenga Tom Scully ndi Jack Trengove. Scully anasewera magemu 31 n'kutsatira ndalama ku GWS. Trengove tinamupatsa ukaputeni ali ndi zaka 20, phazi linamuvuta, basi. Pa 3 Richmond inatenga Dustin Martin.

Tiger wa ku Punt Road:
Norm Smith katatu, 2017, 2019, 2020. Pitirizani achimwene, ndikumva kukoma.

Chiwanda cha MCG:
Chondiseketsa ine n'chakuti mu draft yomweyo ya 2009, pa nambala 34, tinatenga mnyamata wamtali wovulala bondo dzina lake Max Gawn. Ameneyo ndi amene anadzanyamula chikho mu 2021 ali kaputeni, choyamba kuyambira 1964. Ndipo Norm Smith ya tsiku limenelo anatenga Christian Petracca, nambala 2 wa 2014, amene a Nachisale anamudumpha.

Nachisale:
Tinamudumpha chifukwa tinkasaka wolowa m'malo mwa Riewoldt. Paddy McCartin, amene tinamutenga pa 1, sanalephere mpira, mutu ndi umene unamukanika. Anagundidwa m'mutu kambirimbiri mpaka ubongo kumagwedezeka, magemu 35 okha kwa ife. Anapuma, anabwerera ku Sydney mu 2022 ngati wotchinga kumbuyo pambali pa mng'ono wake Tom, anasewera bwino mpaka Grand Final, kenako mu 2023 zinabwereranso, madokotala anati basi. Ine ndimagwira ntchito ya unamwino, ndiye ndikamva munthu akumuika McCartin pa mndandanda wa "olephera" magazi amandiwira.

Mayi a Tadala:
Ndakhala ndikuwerenga chamumtima, tsono ndifunse a Phiri. Mwati tibwere ndi zikho. Chabwino, ine ndabwera ndi Tom Boyd. GWS inamutenga pa 1 mu 2013, patatha chaka chimodzi anabwera kwathu ku Bulldogs pamene kaputeni wathu Ryan Griffen ankapita uko, pa kontrakiti ya zaka 7 ya ndalama pafupifupi madola 7 miliyoni, mwana wa zaka 19. Manyuzipepala sanamupatse mpata wopuma. Gemu iliyonse ankamuwerengera kuti chigoli chimodzi chatidyera zingati.

Ndiye kunabwera Grand Final ya 2016 ndi Sydney. Ife tinathera pa nambala 7 mu ligi, palibe amene ankatiwerengera. Boyd anasewera gemu ya moyo wake, zigoli zitatu, ndipo chomaliza chija, Dale Morris atamugwetsa Franklin pakati pa bwalo, Boyd anautola n'kuumenya kuchokera kutaliko, mpira n'kumadunda mpaka kulowa. Kuno ku Footscray anthu achikulire ankalira pamsewu, chifukwa chikho chomaliza chinali cha 1954. Norm Smith anapatsa Jason Johannisen, wobadwira ku Johannesburg, amene mu draft yaikulu sanatengedwe n'komwe, analowera ku rookie, draft yaing'ono ya otsala, koma ambiri mpaka lero amati inali ya Boyd.

Mu 2019 Boyd anasiya mpira ali ndi zaka 23, magemu 61, msana ukumupweteka, ndipo ananena poyera kuti wakhala akuvutika maganizo. Anasiya ndalama zambiri za kontrakiti ija osazilandira. Tsono a Phiri, Boyd ali ndi chikho chimodzi, Riewoldt alibe. Pa sikelo yanu ndani ali pamwamba?

Phiri wa Hawks:
Mayi, mwandikola. Riewoldt ali pamwamba pa Boyd, zimenezo n'zosakambirana. Koma sindinati zikho zokha. Ndikuti pamene awiri afanana pa zaka ndi pa magemu, 346 kwa 336, chowasiyanitsa ndi zimene anachita tsiku lalikulu. Hodge anasewera ma Grand Final asanu, anapambana anayi, awiri mwa iwo anali wopambana m'bwalo lonse. Riewoldt anasewera atatu, palibe imene munganene kuti inali yake.

Mayi a Tadala:
Ine funso langa lenileni ndi lina. Mutafunsa wa Bulldogs aliyense kuti asinthe masana amodzi aja a Boyd ndi zaka 17 za Riewoldt zopanda chikho, palibe angavomere. Ndiye kalabu ikamatenga nambala 1 imagula chiyani, zaka kapena tsiku limodzi?

Madala a ku Perth:
Funso la nzeru limenelo mayi. Tawerengani a nambala 1 amene anatengapo chikho: Drew Banfield wathu wa 1992, amene anatenga mu 1994 ndi 2006 koma palibe amamutchula, Des Headland ndi Brisbane mu 2002, Hodge, Boyd, ndi Cam Rayner mu 2024 ndi 2025. Asanu basi pa zaka pafupifupi 40. Brownlow ndiye awiri: Adam Cooney mu 2008 ndi Matt Rowell mu 2025. Cooney anavulala bondo mu ma finals a chaka chomwecho ndipo liwiro lake silinabwererenso mmene linalili.

Wa ku 25:
Rowell ndi uja amadya udzu gemu isanayambe? Ankolo ananditumizira kavidiyo, ndinkayesa ndi zopanga.

Madala a ku Perth:
Yemweyo. Amatsomphola udzu wa m'bwalo n'kutafuna. Koma mpira amautha. Mu 2020 anatenga mavoti atatu atatu magemu atatu otsatizana ali mwana watsopano, phewa n'kuguluka, chaka chotsatira bondo, anthu n'kuyamba kumuiwala. Lero ali ndi Brownlow ya mavoti 39.

Blues Mpaka Kale:
Pali chinanso chimene chikusokoneza kuyerekeza kwa zaka zino. Nambala 1 masiku ano si nthawi zonse amakhala amene anthu amamuona wopambana. Mwana amene bambo ake anasewera magemu 100 pa kalabu, kalabuyo ili ndi ufulu womutenga pongofananitsa mtengo wina akamuitana. Mu 2021 aliyense ankadziwa kuti Nick Daicos akupita ku Collingwood, dzina lake linatuluka pa 4. North Melbourne inatenga Jason Horne-Francis pa 1, anasewera chaka chimodzi n'kupempha kubwerera kwawo ku Adelaide. Mu 2022 Will Ashcroft anatuluka pa 2 n'kupita ku Brisbane, timu imene inali kale pamwamba, ndipo ali kale ndi Norm Smith ziwiri. Ndiye Aaron Cadman wa GWS, nambala 1 wa chaka chimenecho, azidzayerekezedwa ndi munthu amene kalabu yake sikanatha n'komwe kumutenga.

Tiger wa ku Punt Road:
N'chifukwa chake Sam Lalor wathu, nambala 1 wa 2024, mumusiye akule kaye. Tidzakambirane 2030.

Chiwanda cha MCG:
Wina atchuleko David Swallow. Nambala 1 wa 2010, anakhala ku Gold Coast kuyambira tsiku loyamba la kalabu, anzake onse akuthawa, Ablett, Tom Lynch, Steven May, Jaeger O'Meara. Anadikira mpaka 2025 kuti asewere final yake yoyamba, ndipo pointi imene inagwetsa Fremantle ku Perth inachokera ku phazi lake. Sali pa mlingo wa Hodge, koma ine ndimamuika pamwamba pa Scully kutalitali.

Phiri wa Hawks:
Chabwino. Mndandanda wanga: Hodge, Riewoldt, kenako Goddard. Wachinayi mukanganirane nokha pakati pa Cooney, Murphy ndi Deledio.

Nachisale:
Tembenuzani awiri oyambawo ndisayina. Komanso Lachie Whitfield wa GWS mwamuiwala nonse, ndipo Weitering akadzamaliza adzakhala pamwamba pa Murphy.

Blues Mpaka Kale:
Adzakhala pamwamba pa Murphy koma wopanda chikho chimodzimodzi, mmene ndikuionera timu yanga.

Madala a ku Perth:
Ine maso ali pa Harley Reid wathu, nambala 1 wa 2023. Mphamvu ali nazo, kukankha anthu ngati Martin, koma tamuika mu timu imene mu 2025 inapambana gemu imodzi yokha sizoni yonse, n'kutenganso nambala 1 ina, Willem Duursma. Ana awiriwa akapanda kupeza akuluakulu owatchinjiriza, a Chiwanda adzakhala ndi anzawo olira nawo.

Nachisale:
Gemu imodzi chaka chonse, ndiye mukubwera kudzaweruza Riewoldt, Madala?

Madala a ku Perth:
Imodzi yomweyo tinamenya St Kilda, achemwali.